Lamba Wakuda ndi Manambala a Kuseri kwa Kadontho

Kuno ku Salima, munthu akangomveka kuti ali ndi lamba wakuda wa karate, anthu amamuona ngati wamaliza zonse zimene zimaphunziridwa m'masewerawo. Ambiri a ife tinayamba kuwadziwa masewerawa kudzera m'mafilimu a m'nyumba zoonetsera vidiyo za pa Kamuzu Road, momwe wovala lamba wakuda ankagwetsa gulu lonse la adani ali yekha, ndipo chithunzi chimenecho sichinachokebe m'mitu mwathu. Ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo madzulo ndimathandiza kalabu ina ya achinyamata ochita karate posunga kaundula wa mayina, malikisi ndi malamba awo. Ntchito ziwirizi zandionetsa kuti mtundu wa lamba umagwira ntchito ngati nambala yofupikitsidwa. Umanena zoona koma sunena zonse, ndipo aliyense wofuna kuugwiritsa ntchito moona mtima ayenera kudziwa zimene zasiyidwa kuseri kwa kadontho.

Milingo ya malamba si yakale monga momwe ambiri amaganizira. Kano Jigoro anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882 pa sukulu yake yotchedwa Kodokan, ndipo mu 1883 anapereka mlingo woyamba wa dan, dzina la milingo ya odziwa bwino masewerawa, kwa ophunzira ake awiri, Tomita Tsunejiro ndi Saigo Shiro. Kawerengedwe ka dan anakatenga ku masewera a go, amene anthu a ku Japan amasewera pa bolodi ndi timiyala takuda ndi toyera, ndipo amene anali kale ndi njira yosanja osewera potengera luso lawo. Pa nthawi yoyambayo mlingo unkalembedwa papepala pokha; lamba wakuda wousonyeza anabwera patapita zaka zochepa. Gichin Funakoshi, mphunzitsi wa ku Okinawa amene anapita ndi karate ku Tokyo mu 1922, anatengera dongosolo lomweli ndipo anapereka ma dan oyamba a karate mu 1924. Malamba achikasu, obiriwira ndi ena amene ana athu amawakonda kwambiri anafala pambuyo pake kuchokera ku Ulaya, makamaka kudzera mwa Mikinosuke Kawaishi, amene ankaphunzitsa judo ku Paris kuyambira m'zaka za m'ma 1930.

Pansi pa lamba wakuda pali milingo yotchedwa kyu, imene imawerengedwa chobwerera, kotero kuti kyu 1 ndi yapamwamba kuposa kyu 6, monga momwe 1 pa MSCE amaposera 6. Munthu akadutsa kyu 1 amalowa mu dan yoyamba, ndipo kuyambira pamenepo manambala amakwera mpaka 10. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, chifukwa dan yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi ndi yachisanu zonse zimavala lamba wakuda yemweyo. M'malamulo a Kukkiwon, likulu la taekwondo limene linakhazikitsidwa ku Seoul mu 1972, munthu amadikira chaka chimodzi kuti achoke pa dan yoyamba kupita pa yachiwiri, zaka 2 kuti afike pa yachitatu, zaka 3 pa yachinayi ndi zaka 4 pa yachisanu. Tikaphatikiza, pakati pa dan yoyamba ndi yachisanu pali zaka zosachepera 10, koma woima patali amangoona malamba awiri akuda. Bungwe lomweli silipereka dan kwa mwana wosakwana zaka 15. Iye amalandira mlingo wa ana wotchedwa poom. Mu judo, amene afika pa dan 6 mpaka 8 amaloledwa kuvala lamba wa mawanga ofiira ndi oyera, ndipo a dan 9 ndi 10 amavala wofiira. Kodokan, m'zaka zonse kuyambira 1882, yapereka dan 10 kwa anthu 15 okha, ndipo atatu omaliza, Toshiro Daigo, Ichiro Abe ndi Yoshimi Osawa, anailandira limodzi mu 2006. Choncho lamba wakuda woyamba amasonyeza kuti munthu wagwira bwino maziko ndipo tsopano akhoza kuyamba kuphunzira mozama. Ku Japan ana ambiri a sekondale ochita judo ali naye kale, pamene mu jiu-jitsu ya ku Brazil nthawi zambiri pamatenga zaka pafupifupi 10 kuti munthu amufike. Mtundu ndi umodzi, koma zimene zili mkati mwake zimasiyana malinga ndi bungwe limene laupereka.

Kufupikitsa nambala, kumene ana m'kalasi amakutchula kuti kuraunda, kuli ndi lamulo lalifupi. Munthu amayamba wasankha kuti asunga malo angati kuseri kwa kadontho, kenaka amayang'ana nambala imodzi yokha yotsatira malo omalizawo. Ngati nambalayo ndi 5 kapena kuposerapo, amawonjezera 1 pa malo omaliza, ndipo ngati ndi yochepera 5, amawasiya momwe alili. Motero 3.14159 pa malo awiri ndi 3.14, pa malo atatu ndi 3.142, ndipo 8.996 pa malo awiri ndi 9.00. Ana ambiri amalipeza lamuloli mosavuta. Chimene chimawavuta ndi kumvetsa kuti nambala yofupikitsidwa imaimira dera lonse la manambala, osati nambala imodzi. Tikalemba kuti 7, tikhoza kukhala tikunena chilichonse kuyambira 6.5 mpaka pansi pang'ono pa 7.5. Tikalemba kuti 7.0, derali lachepa kwambiri, chifukwa tsopano likuyambira pa 6.95 ndi kuthera pansi pa 7.05. N'chifukwa chake ndimalimbana ndi ana amene amafufuta ziro wakumapeto poganiza kuti alibe ntchito. Ziro ameneyo ndi umboni wakuti woyezayo anayang'ana mpaka pa malo oyamba a kuseri kwa kadontho ndipo anapeza kuti palibe chotsala. Kunena kuti munthu ali ndi lamba wakuda kuli ngati kulemba 7. Kunena dan yake, bungwe limene linamuyesa ndi chaka chimene anayesedwa ndi kuwonjezera malo kuseri kwa kadontho.

Funso lakuti tisunge malo angati limayankhidwa ndi ntchito imene nambalayo ikukagwira. Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka m'kalasi ndi cha masewera a Olympic a ku Tokyo amene anachitika mu 2021, pamene karate inaseweredwa koyamba m'masewerawa, m'nyumba ya Nippon Budokan. Pa mpikisano wa kata, momwe wosewera amaonetsa yekha mndandanda wa mayendedwe, nkhonya ndi mateche popanda womenyana naye, oweruza 7 ankapereka malikisi kuyambira 5.0 mpaka 10.0 pa mbali ziwiri, ya luso ndi ya mphamvu ndi liwiro la thupi. Pa mbali iliyonse ankachotsa malikisi awiri apamwamba ndi awiri apansi, n'kuphatikiza atatu otsalawo, ndipo luso linkatenga magawo 70 pa 100 alionse pamene mphamvu inkatenga magawo 30. Pa ndime yomaliza ya amayi, Sandra Sánchez wa ku Spain anapeza 28.06 ndipo Kiyou Shimizu wa ku Japan anapeza 27.88. Pa luso onse awiri anali ndi 19.60, anasiyana pa mphamvu pokha, wina 8.46 ndipo wina 8.28. Ndikalemba manambala awiriwa pa bolodi ndi kuuza ana kuti awafupikitse mpaka pa nambala yathunthu, onse amapeza 28 ndi 28, ndipo m'kalasi mumayamba phokoso, chifukwa amaona okha kuti mendulo ya golide yasowa mwini. Kusiyana kwa 0.18 kumene kunalekanitsa golide ndi siliva kumafufutika ndi kufupikitsa kolondola ndithu, kotsata lamulo, koma kochitidwa pa malo osayenera. Wolemba nkhani akhoza kunena kuti onse anapeza pafupifupi 28 ndipo sananame, koma woweruza sangatero.

Palinso malo ena amene kufupikitsa sikuloledwa n'komwe, ndiwo pa malire. Pa masewera a Olympic a ku Paris mu 2024, Vinesh Phogat wa ku India, amene anafika pa ndime yomaliza ya masewera ogwetsana m'gulu la makilogalamu 50, anachotsedwa mu mpikisano chifukwa m'mawa wa tsikulo anapyola malire ndi magalamu pafupifupi 100. Pa nambala yathunthu, 50.1 ndi 50, koma malire ananena kuti asapyole 50, ndipo 50.1 yapyola. Ndinamva chisoni kwambiri ndi mayi ameneyu, ndipo ndikukhulupirira kuti pali zifukwa zabwino zokambirana ngati lamulo lotere lili lachifundo mokwanira, koma kukambiranako kuyenera kuchitika mpikisano usanayambe, osati munthu ataima kale pa sikelo. Mu judo, bungwe la dziko lonse lapansi limalola kuti wosewera woyezedwanso m'mawa wa mpikisano apyole malire a gulu lake ndi magawo 5 pa 100 okha. Kwa wa m'gulu la makilogalamu 73, masamu amapereka 76.65, nambala yothera pa 5 yeniyeni, ndipo ngati sikelo ikuonetsa malo amodzi okha, payenera kukhala polembedwa kale kuti malirewo awerengedwa bwanji. Lamulo la kusukulu limapereka 76.7, koma pali njira ina yodziwika imene mapulogalamu ena a kompyuta amatsata, yokankhira 5 ku nambala yogawika ndi 2, kotero kuti 2.5 imakhala 2, 3.5 imakhala 4, ndipo 76.65 imakhala 76.6. Njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka. Chosavomerezeka ndi kusankha njira munthu ataona kale kuti ikomera ndani.

Nkhaniyi inatifika pafupi pa mayeso a malamba amene kalabu yathu inachita m'nyengo yotentha yapitayi. Mnyamata wina wa Fomu 3, wolimbikira kwambiri, amene amapalasa njinga kuchokera cha ku Senga Bay kubwera kudzaphunzira, ankayesedwa kuti alandire kyu 1, mlingo womaliza asanaloledwe kukayesa lamba wakuda. Tinagwirizana kalekale, ndipo zinalembedwa patsamba loyamba la kaundula, kuti wopambana ndi amene avareji ya malikisi a oweruza atatu yafika 7.0, powerengera malo amodzi kuseri kwa kadontho. Mnyamatayo anachita kata yake pa simenti yotentha ya m'holo, yunifolomu itanyowa ndi thukuta kumsana konse, ndipo nkhonya zake zinali zamphamvu ndi zolunjika. Koma nthawi iliyonse akaponda kutsogolo, chidendene cha mwendo wakumbuyo chinkanyamuka pansi pang'ono, ndipo potembenuka thupi linkayamba lagwedera lisanakhazikike. Oweruza awiri anamupatsa 6.9 aliyense, wachitatu anamupatsa 7.0. Zonse pamodzi zinakwana 20.8, ndipo nditagawa ndi 3, foni inaonetsa 6.9333333. Pa malo amodzi, imeneyo ndi 6.9.

Bambo ake, amene anasiya ntchito yawo ya nsomba kunyanja kuti adzaonerere, anandipeza pa tebulo mayeso atatha, chipewa chili m'manja. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana yemweyu amandiuza kuti inuyo mumawaphunzitsa kuti 6.9 ndi 7. Nanga lero masamuwo asintha?" Funsoli linali lanzeru, ndipo ndinawayankha kuti, "Bambo, masamu sanasinthe ayi. Tikanagwirizana kuti wopambana apeze 7 wopanda kadontho, mwana wanu akanapambana, komanso akanapambana aliyense wopeza 6.5. Ife tinalemba 7.0, ndipo anzake amene anakhoza chaka chatha anayezedwa ndi muyeso womwewo." Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anapempha kuti aone tsamba limene lamulolo linalembedwa, ndipo ndinawaonetsa.

Wina mwa akuluakulu a kalabu anabwera ndi maganizo ena, akuti tiyambe tafupikitsa malikisi a woweruza aliyense payekha, kuti 6.9 ikhale 7, ndipo tikatero avareji ituluka 7.0 popanda kuphwanya lamulo. Maganizowa anachokera mu mtima wabwino, koma ndi cholakwika chomwe ndimachithetha ndi cholembera chofiira m'makope a ana sabata ndi sabata. Nambala imafupikitsidwa kamodzi kokha, kumapeto kwa ntchito yonse, kuchokera pa nambala yeniyeni. Tengani 2.449. Pa malo amodzi ndi 2.4, chifukwa nambala yotsatira ndi 4. Koma wina akayamba waifupikitsa pa malo awiri apeza 2.45, ndipo akaifupikitsanso apeza 2.5, yankho limene nambala yoyambayo sinafikepo. Sitepe iliyonse payokha ikuoneka yolondola, koma zotsatira zake ndi zabodza. Mphunzitsi wamkulu wa kalabu, amene ana amamutchula kuti Sensei, anamvetsera mbali zonse ndipo anangondiuza kuti, "Aphunzitsi, lembani zimene zatuluka."

Ena anganene kuti 0.07 ndi kanthu kakang'ono kosayenera kukhumudwitsira mwana. Vuto la tinthu ting'onoting'ono totere ndi lakuti tikamakankhidwira mbali imodzi nthawi zonse, timaunjikana. Msika wa masheya wa ku Vancouver, ku Canada, unayambitsa nambala yoyezera mitengo mu 1982 pa 1000.000. Kompyuta inkaiwerengeranso kambirimbiri tsiku lililonse, ndipo m'malo mofupikitsa motsata lamulo, inkangodula manambala onse opyola malo atatu. Pofika mu Novembala 1983 nambalayo inali itatsika kufika pa 524.811, pamene itawerengedwanso bwino inapezeka kuti inayenera kukhala 1098.892. Palibe amene anaba kanthu. Kudula kokha, kobwerezedwa mbali imodzi, kunadya pafupifupi theka. Alimi a mpunga ndi thonje kuno amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa pali mavenda ena amene sikelo ikaonetsa 49.8 amalemba 49, ndipo sizichitika kuti ikaonetsa 49.2 alembe 50. Pa thumba limodzi mlimi sadandaula, koma pa matumba a mudzi wonse ndalama zotayika ndi zambiri. Kukweza mwana aliyense wotsala pang'ono ndi kukankhira mbali imodzi komweko, kungoti kukupita m'mwamba. Amene wakwezedwa pa kyu 3 ndi chidendene chonyamuka adzakwezedwanso nacho pa kyu 2 ndi pa kyu 1, ndipo tsiku lina adzavala lamba wakuda n'kuyamba kuphunzitsa ana ena kaimidwe komweko. Choopsa kwambiri ndi chakuti iye adzakhulupirira lamba wakeyo, ndipo pa mpikisano adzakumana ndi mnzake wa lamba wofanana amene sanakwezedwepo mwachifundo. M'masewera omenyana, kusiyana kotere kumathera pa kuvulala.

Komabe sindikufuna kuti manambala apatsidwe ulemu woposa umene akuyenera. Foni ikaonetsa 6.9333333, ma 3 onsewo sakutanthauza kuti tamuyeza mwanayo mozama chotero. Oweruza anapereka malikisi a malo amodzi okha, ndipo anawapeza ndi maso, osati ndi sikelo. Diso la munthu, ngakhale wodziwa ntchito, silingalumbire kuti kata iyi ndi 6.9 osati 7.0, ndipo woweruza yemweyo ataonanso mawa akhoza kusuntha pang'ono. Kusunga malo ambiri kuposa amene muyeso woyamba unali nawo ndi kudzinamiza kwa mtundu wina, kofanana ndi kwa mwana amene wayeza tebulo ndi rula ya masentimita n'kulemba yankho la malo 6 kuseri kwa kadontho. N'chifukwa chake pa mpikisano wa ku Tokyo ankachotsa malikisi apamwamba ndi apansi, podziwa kuti oweruza ndi anthu. Kwa ine, zimenezi sizikutanthauza kuti malire asunthidwe. Zikutanthauza kuti wotsala pang'ono asatengedwe ngati wolephera kutali, ndipo apatsidwe mwayi woyesanso msanga m'malo modikira chaka chathunthu. Zikutanthauzanso kuti pambali pa nambala pazilembedwa mawu, chifukwa 6.9 payokha siuza mwana choti akakonze.

Pa chifukwa chomwechi ndimakayikira ndikamva za anthu amene amatchula ma dan apamwamba koma sangathe kunena kuti anayesedwa ndi bungwe liti komanso liti. Masiku ano lamba wakuda amagulidwa pa kaunjika ngati malaya ena alionse, ndipo satifiketi ikhoza kusindikizidwa pa kompyuta iliyonse. Kholo limene likufuna kupereka mwana wake kwa mphunzitsi wa karate, judo kapena taekwondo lili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti mphunzitsiyo ali pa dan yanji, anailandira chaka chiti, ndipo anamuyesa ndani. Mphunzitsi woona sakwiya ndi mafunso otere, ndipo kawirikawiri amayamba yekha kutchula aphunzitsi ake. Mphunzitsi wa dan yoyamba amene amanena zoona za mlingo wake ndi kupitiriza kuphunzira kwa akuluakulu ake ndimamudalira kuposa wodzitcha wa dan 7 amene mbiri yake ilibe poyambira.

M'kaundula wa kalabu yathu tsopano timalemba malikisi a woweruza aliyense monga momwe anaperekedwera, kenaka zonse pamodzi, kenaka avareji ya malo amodzi, ndipo pamzere womaliza timalemba zimene oweruza anaona. Pa dzina la mnyamata wa ku Senga Bay palembedwa 6.9, 6.9, 7.0, zonse pamodzi 20.8, ndi mawu akuti chidendene chakumbuyo chikhale pansi ndipo chiuno chitsogolere potembenuka. Kuti avareji yake ifike 7.0 motsata lamulo lathu, malikisi atatuwo ayenera kukwana 20.9, chifukwa 20.9 kugawa ndi 3 ndi 6.9666, imene pa malo amodzi ndi 7.0 popanda kuikankha. Ndinamuonetsa masamu amenewa iye mwini pamodzi ndi bambo ake, kuti aone kuti kufupikitsa kolondola kukhoza kumukomeranso, ndiponso kuti chimene chikumulekanitsa ndi kyu 1 ndi 0.1 kuchokera kwa woweruza mmodzi. Akuluakulu a kalabu agwirizana kuti iye ndi ena onse amene avareji yawo inali 6.8 kapena 6.9 adzayesedwenso pakatha miyezi itatu, pamaso pa oweruza atatu omwewo.